Maso pa Pepala

Lolemba

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza cha aPhiri, amuna anga. Ndalonjeza abale onse kuti pamandapo padzamveka mawu a mwini wake akuimba besi. Pakamwa pangapa!

Nyimbo zilipo. Pa Khirisimasi mwana wanga Tiyanjane, wogwira ntchito ku Lusaka, anakopera mu laputopu makaseti onse a kwaya ya atate ake. Anazisungitsanso ku klaudi, ndiye kuti m'makompyuta a eni ake kutali uko, ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya mnansi. Makasetiwo anali atachita nkhungu, tinataya.

Ntchito ya sabata ino ndi yochepa: kuika zithunzi za abale ku klaudiko, kenako kusankha nyimbo. Tiya akuti ndizidina tizithunzi ndi mausi. Ine? Taipisiti wa pa boma mpaka kupuma pa ntchito, ndiziloza tizithunzi ngati mwana wa giredi wani? Ndakana, wagonja. Wandiuza potsegulira chiwindo chakuda chomwe umangolembapo lamulo, makina n'kumvera. Malamulowo wandiwerengera pa foni, ine ndikulemba papepala.

Zala zakumbuka zokha. Mpaka ndamva kafungo ka riboni ndi kaboni. Ndakumbuka aphunzitsi athu a taipi ku Chipata, makiyi atawaphimba ndi nsalu, rula ili m'manja: "Maso pa pepala, atsikana. Woyang'ana makina ndi waulesi."

Lachiwiri

Netiweki kuno kwa Mlolo ili ndi mpando wake: pachulu, kuseri kwa khola. Zonyamula:
- laputopu
- foni, ndi nsungwi yoipachikapo
- mtondo, ndikautembenuza ndiye desiki
- chitenje chotchingira dzuwa
- mwala wa mbuzi

Ndataipa lamulo loonetsa zomwe zili ku klaudi. Ndatha, ndakweza mutu. Nyimbo zonse zilipo, mzere ndi mzere, monga zinkakhalira m'kaundula.

Amake Zuze, anansi anga, adutsa ndi mtolo wa nkhuni. "Anzathu, kalata yanji yolembera pachulu?" Ndawauza kuti ndi za ofesi. Ndakhala mowongoka pang'ono.

Ku ofesi n'komwe ndinadziwana ndi aPhiri. Iwo anali a zaulimi. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kalata yoti nditaipe, nkhani yake yomweyo ya dzulo, ya anankafumbwe. Ankaima pambali ponena kuti akudikira kusaina. Ine maso pa pepala, koma makutu anali kwa iwo. Ndawasowa munthuyu.

Lachitatu

Alamu anga aYohane afika pa njinga kuchokera ku Pembamoyo, ndi fulashi. "Zithunzi za achimwene zonse zili umu." Ndatsegula. Za aPhiri n'zowerengeka. Zambiri ndi ng'ombe za aYohane, ndi vidiyo yaitali ya ukwati wa mwana wawo. Akuti zonse zikwere ku klaudi, abale a kutali azione.

Laputopu ikukana, ikuti yadzaza.

Nkhani yaing'ono. Ku ofesi tinali ndi mwambo wathu: kope likafika ku rejisitiri, pa desiki chotsa. Nyimbo zili ku klaudi, ndaziona ndi maso anga dzulo. Ndazifufuta mu laputopu, malo apezeka, ng'ombe zalowa.

Ana a masiku ano akanaimbira foni Lusaka pa kanthu ngati aka.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la lamulo lalitali, lomwe Tiya analitcha lofananitsa. Papepala ndinalemba m'munsi mwake: "Likafunsa, yankhani y."

Ndikanakonda atsikana a m'chipinda chathu chotaipira akanandiona. Msana chilili, zigongono m'nthiti, maso pa pepala. Lamulo lonse popanda kuphonya ngakhale kadontho, kupuma pang'ono, y. Sindinaponye diso ku makina ngakhale kamodzi. Aphunzitsi aja akanandipatsa nyenyezi.

Ndikudzitama choncho, mbuzi ya amake Zuze yadzikanda pa nsungwi. Foni pansi, netiweki zii. Ndaiponyera mwala, ndaphonya. Ntchito yaduka pakati. Mawa ndimaliza.

Lachisanu

Ndataipa lamulo loonetsa. Ng'ombe zilipo. Ukwati ulipo. Ku nyimbo kwatsala mzere umodzi.

Ndabwereza. Umodzi.

Ndamuimbira Tiya, ali m'basi akubwera. Ndamufotokozera, iye akuti: "Amayi, lamulo lija limachititsa kuti uko kufanane ndi kuno. Kuno munali mutafufuta." Ndamuuza kuti silinanene. "Linanena, amayi. Linalemba kuti lifufuta nyimbo, n'kufunsa ngati mukuvomera. Simunawerenge?"

Ndimawerenga pepala ine.

Kubweza sikutheka. Akuti pali njira yosungira zofufutidwa, koma sanaitsegule chifukwa sanaganize kuti mayi ake angataipe mwaukhondo chotero. Akuti yotsalayo ndithokoze mbuzi, ndiyo inadula ntchito isanathe.

Masiku athu ukalakwitsa unkapeza kope la kaboni m'dirowa, kapena m'bini. Ichi chimamvera n'kusesa pomwepo, ngati wantchito watsopano wofuna kukondedwa.

Ndakhala pa mtondo, ndalira. Mawu a aPhiri ndawafufuta ndekha, ndi zala khumi, mosalakwitsa.

Loweruka

Anthu adzaza. Abusa, amayi a chigwirizano, akale a kwaya, a ku ofesi awiri omwe akadali moyo. Chiliza n'chokongola. Sipika tabwereka kwa mnyamata wometa ku boma.

Yotsala ija Tiya waitsitsa m'mawa uno, tilibe nthawi yoimvera. Ndikupemphera ikhale ya Pasaka ija, yomwe besi yawo inkanjenjemeretsa malata a tchalitchi.

Nsalu yachotsedwa. Abusa agwedeza mutu. Tiya wadina.

Phokoso la kaseti. Mpando ukukokedwa pansi. Kenako aPhiri, pafupi kwambiri: "Kodi yayamba? ANabanda, kanyali kofiira kayaka?" Ndiye mawu a mtsikana wina wolusa, amene ndi ine: "Khalani chete inu, mukutha kaseti." Iwo akuseka, akutsokomola. "Pepani, pepani. Koma mwavala bwino lero." "Ndati chete!"

Yathera pomwepo. Nyimbo palibe.

AYohane ndiwo ayamba kuseka, kuseka mpaka kukhala pa chiliza cha eni ake. Kenako manda onse. Kenako mipango yopukutira misozi yatuluka. Abusa akuti, "Ameneyo ndiye Phiri amene tikumudziwa."

Ine ndangoyang'ana pansi.

Lamlungu

Tiya wakwera minibasi ya ku Chipata. Asanapite, kachidutswa kaja wakaika mu foni, mu laputopu, m'fulashi ndi ku klaudi. Pepala langa la malamulo walipinda n'kuliika m'chikwama chake. Sindinatsutse.

Ku tchalitchi kwaya yaimba imodzi mwa nyimbo zija. Ndayesa kuikamo besi ya aPhiri m'mutu mwanga. Vesi loyamba yabwera, lachiwiri yandithawa. Zikhala choncho basi, izichoka pang'onopang'ono.

Masana ndikusenda nsawa pakhonde, foni pa mwendo. Ndakamvera kachidutswako mpaka batire kufiira. Munthu akuyamikira chitenje changa, ine ndikudandaula za kaseti.

Lero bwenzi nditawaleka alankhule mpaka kaseti kutha mbali zonse ziwiri.