Nkhongo ya ba Phinias

Kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku Mpanshya, aliyense ankadziwa kuti ba Phinias amayimba atafulatira anthu. Analiza gitala zaka makumi anayi m'maukwati ndi m'misika, koma ife tinkaidziwa bwino nkhongo yawo kuposa nkhope. Sikunali kunyada ayi. Anali mantha, mantha enieni otulutsa thukuta m'manja.

Njoka sankaiopa. Anakwerapo pamwamba pa lole ya makala mpaka ku Lusaka osagwira chingwe. Koma anthu atatu okha akawayang'ana gitala ili m'manja, zala zinkauma gwa, mawu n'kukakamira pakhosi.

"Menso ya banthu yamaluma," ankatero, kunena maso a anthu. "Imwe simuziba chabe."

Ngakhale mkazi wawo, ba Marjory, anawafunsira chofulatira. Anafika kwawo kwa mtsikanayo, n'kuyang'ana nkhokwe, n'kuyimba nyimbo zitatu zosungunula mtima. Potembenuka anapeza Marjory atapita kale kokatunga madzi. Amene ankamvetsera anali bambo ake, nkhwangwa ili paphewa.

"Nyimbo ni zabwino," anatero mkuluyo, "koma ine ninakwatira kudala, kalekale."

Tsiku lina paukwati ku Mpanshya, alendo anaitanidwa kukadya iwo osadziwa. Anayimbira mbuzi ziwiri kwa ola lathunthu, ndipo mpaka kufa kwawo ankati sanayimbirepo gulu laulemu ngati limenelo.

Amene ankawapirira anali ba Ketrina, mayi wa mawu okoma amene ankapeka nawo nyimbo kuyambira ali achinyamata. Ba Ketrina ankayang'ana anthu, ba Phinias khoma, zinthu n'kumayenda. Koma ukalamba unawalanda ba Ketrina makutu. Gitala sankaimvanso bwino, ndipo atalowa nyimbo pamalo polakwika paukwati wina anthu n'kuwaseka, anatseka pakamwa zaka zisanu.

Ndiye kunabwera ba Obby, nkhalamba ya banjo, ndi nzeru zawo. Ankafuna kusonkhanitsa oyimba akale Loweruka lina masana ku Rufunsa, popanda magetsi, popanda masipika, magitala okha ndi mawu ngati kale. Ba Ketrina anavomera, koma anafika okha kwa ba Phinias kudzanena chimene chinali kumtima: poti makutu anafa, adzatsatira dzanja la woliza gitala.

"Muzankhala pasogolo panga, niyangane kwanja kwanu. Mukamenya nsambo, ine nilowa. Aka ni komaliza, ba Phinias. Nifuna banikumbukire niimba, osati baniseka."

Ba Phinias anatembenukira kwa ba Obby. "Chipupa chiliko?"

"Chiliko, chikulu maningi," anatero ba Obby, munthu wosaphethira ponama.

Sabata yonseyo chakudya sichinatsike. Ankadzilimbitsa mtima kuti ba Ketrina adzatsamira khomalo, iwo n'kumayang'ana komweko. Loweruka lija litakwana, m'minibasi anapemphera kuti tayala liphulike, koma galimoto imene inkafa tsiku lililonse, tsiku limenelo inathamanga ngati yatsopano.

Khoma kunalibe. Kunali mkuyu ndi mipando inayi pansi pake. Ndipo poti kunalibe masipika, anthu anayandikira kuti amve, n'kuzungulira mtengowo mbali zonse. Ba Phinias anayang'ana kum'mawa: maso. Kumadzulo: maso. Anakweza mutu kuti afunse Mulungu chimene anamulakwira, n'kupeza ana atadzaza m'nthambi, nawonso maso ali tong'o.

"Obby, uzafa imfa yoipa," ananong'ona.

"Sinzinani chabe, mudala."

"Nikasinzina ndiye niyaona bwino!"

Ba Obby anayimba zawo, mkulu wina wa ku Mpanshya anayimba zake, anthu n'kuwomba m'manja. Ba Phinias sanamve kanthu. Malaya ananyowa mpaka m'chiuno. Atamva dzina lawo likutchulidwa, anaona basi itaima pamsewu, ndipo miyendo inadzuka yokha. Kumene inkapita basiyo sanafunse, ngakhale ikanakhala ya ku Chipata akanakwera.

Pamenepo ndi pamene anawaona ba Ketrina. Mayiyo anali atavala chitenje chatsopano, maso ali pa dzanja lamanja la ba Phinias. Sankayang'ana china chilichonse. Ba Phinias anazindikira kuti pansi pa mtengowo panali wina wamantha kuposa iwo, ndipo anakhalanso pansi.

Koma dzanja linakana. Linangoti duu pamwamba pa nsambo ngati la munthu wina. Wina anatsokomola. Wina kumbuyo anaseka, ndipo ngakhale ba Ketrina sanamve kusekako, mano anawaona.

Apo ba Marjory anadzuka pamzere woyamba, n'kunyamula kampando kawo.

"Imwe banthu! Munabwera kumvera olo kuyangana? Zaka zonse izi bamuna banga bamakupasani musana. Lelo bapaseni wanu. Tembenukani!"

Anakhala pansi chofulatira. Ba Marjory sanali munthu womunenetsa kawiri. Mzere woyamba unatembenuka, wachiwiri, wachitatu, amakala, amisika, aphunzitsi, mpaka wapolisi amene ankangodutsa. Ana m'mitengo anayang'ana kumsewu. Ba Phinias atakweza maso anaona nkhongo zokhazokha, mazana, zometa ndi za maduku. Mpweya unatsika. Dzanja linagwa pa nsambo, ndipo ba Ketrina analowa pamalo pake penipeni, mawu ali nga! ngati sanasiyepo.

Ndime yachiwiri isanathe, ba Phinias anaona chinthu chimene anali asanachionepo chibadwire. Misana ija inkagwedezeka. Mapewa ankakwera n'kutsika, ziuno za amayi zinkayenda pamipando, nkhalamba ina inaimirira n'kumaponda fumbi ndodo ili m'mwamba.

"Marjory!" anafuula osasiya kuliza. "Kansi bamavina?"

"Zaka fote!" anayankha mayiyo osacheuka. "Imbani, imwe!"

Anayimba misozi ikutsikira pagitala. Anthu anapempha nyimbo zinanso zisanu, onse akuyang'ana kutchire. Woyendetsa basi wina amene anadutsa nthawi imeneyo anakasimba ku Lusaka kuti ku Rufunsa kwayambika mpingo wachilendo.

Musaganize kuti mantha anatha. Lolemba lake ba Phinias anali kale pakhonde la golosale ku Chinyunyu, mphuno ili pafupi ndi khoma monga mwa masiku onse. Kungoti tsopano, pakati pa nyimbo, ankafunsa khomalo motsitsa mawu kuti, "Bavina?" Ndipo ife kumbuyo tinkayankha kuti inde, ngakhale titangokhala.

Anatisiya chaka chatha nthawi ya dzinja, ali m'tulo ta masana, atayang'ana kukhoma. Kumanda, ba Ketrina anaimirira kuti awayimbire nyimbo imene anapeka limodzi. Anatsegula pakamwa, maso n'kuyamba kufunafuna dzanja lija. Panalibe. Tinawaona akuchita mantha, ndipo mitima inatiwawa. Palibe amene analamula, koma mmodzimmodzi tinatembenuka, n'kuyamba kuyimba chapansipansi tikugwedeza mapewa. Mayiyo anatengera nyimbo pamisana yathu, n'kuifikitsa kumapeto.

Masiku ano pagolosale paja pali zii. Mwini wake anapaka penti nyumba yonse, koma anasiya kachigawo kakuda pamene mphumi ya ba Phinias inkagunda nyimbo ikakoma. Kampando kawo kakadali pomwepo, koyang'ana kukhoma, ndipo palibe amene analimba mtima kukatembenuza. Tikamadutsa timatsitsa maso, kuopa kuwaluma.