Ndege Yankhondo pa Kapinga Wathu

Lolemba

Ndege yafika. Ine, namwino wamkulumkulu, mayi wa mwana wa ku yunivesite, ndili ndi ndege yankhondo pakhomo panga ku Bowie, ku America kuno.

Ndinakulira ku Chileka, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Anzanga akamasewera fulaye, ine maso kumwamba mpaka khosi kuwawa. Ndiye mwezi watha ndinaona pa intaneti bambo wina amene amavuula ndege zakale zankhondo m'madambo n'kumazigulitsa pa okushoni. Ndinadina batani. Wina wodina panalibe.

Bambo a Thoko, amuna anga, ndinawauza. Ndinati, "Ndagula ndege yakale yoti ndiziikonza." Iwo anati, "Chabwino, bola guluu musatayire patebulo." Ankayesa ndi kachidole. Sindinawongole.

Aibweretsa ndi a Mwanza, a ku Lusaka, amene timapemphera nawo ku Wheaton ndipo ali ndi lole yosamutsira anthu. Atsika, azungulira ngolo ya kumbuyo kwa loleyo, avula chipewa. "Amai, ichi chinthu sichingangene mu galaja. Manje tichiike kuti?" Tachiika pa kapinga wa kumaso.

Zomwe zafika:
mutu wa ndege, ndi mpando wa woyendetsa;
phiko limodzi;
bokosi la zitsulo zopanda maina;
matope, ochuluka kuposa ndegeyo.

Injini palibe. Mchira palibe. Pachithunzi panali chitsamba pamene pamayenera kukhala mchira, ndiye ndinkati uli kuseri.

Ndatenga tchuthi cha sabata yonse. Pulani: kutsuka, kupala dzimbiri, kulumikiza phiko, penti. Lamulungu anthu a kutchalitchi adzajambulitse.

Bambo a Thoko afika kuchokera kuntchito. Aima pageti nthawi yaitali, chikwama m'manja. Kenaka afunsa ngati tiyi alipo.

Lachiwiri

Tsiku lotsuka. Paipi ya madzi, burashi, sopo wa mbale, magolovesi a kuntchito.

Matope a m'dambo akanyowa amadzuka. Fungo lake lafika mpaka pakona. Mayi Linda a nyumba yoyandikana nayo, amene ali m'komiti yoyang'anira maonekedwe a msewu wathu, atseka mawindo onse limodzilimodzi, akundimwetulira.

Okhala m'ndege amene ndawapeza:
achule awiri, amoyo, okwiya;
chisa cha mavu, eni ake alimo;
nsapato imodzi ya mwana, sindikufuna kudziwa.

Bawuti yoyamba yathyoka. Yachiwiri yathyoka. Yachitatu yathyola sipanala ya Bambo a Thoko. Ndaibisa m'bokosi la zitsulo zopanda maina, ikuoneka ngati kwawo.

Masana chitsulo cha phiko chandicheka padzanja. Dzimbiri lokhalokha. Ndiye namwino wa patchuthi wapita ku Arlington, kuchipatala chake chomwe, kukabayitsa jekeseni wa kafumbata. Wondibaya ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kubaya. Akulemba pafomu, wafunsa chomwe chandicheka. Ndati ndege. Wandiyeza kutentha kwa thupi.

Lachitatu

Phiko likukana. Ndalinyamula ndi a Mwanza, talitembenuza uku, talitembenuza uko. Mabowo ake ndi mabowo a ndege sakudziwana.

Ndalowa m'gulu la pa intaneti la anthu okonza ndege zakale. Onse ndi azibambo opuma pantchito, onse ali ndi nthawi. Ndaika zithunzi n'kulemba kuti ndikufuna kumaliza pofika Loweruka. Wina wayankha kuti anayamba yake mwana wake wamkulu asanabadwe, pano mwanayo ali ndi zidzukulu, iyeyo akadali pa mchira. Wina wafunsa kuti Loweruka la chaka chiti.

Kenaka a Walter, amene onse m'gululi amawamvera, aliyang'ana phikolo. Akuti si la ndege yangayi. Si la mtundu wake n'komwe. Ndi la ndege ya dziko lomwe linkamenyana ndi eni ake a ndege yangayi. Wogulitsa anangounjika zomwe zinali pafupi.

Ndiye pa kapinga wanga pagona adani awiri, ndipo ine ndatha m'mawa wonse kuwakakamiza ukwati.

A Mwanza akuti, "Amai, tiboole chabe manyowani mabowo. Nani azadziwa?" A Walter adzadziwa.

Bambo a Thoko lero adya akuyang'ana khoma. Sipanala sanaitchule. Ndege sanaitchule. Atchula kuti kapinga pansi pa ndegeyo wayamba chikasu, n'kupempha mchere.

Lachinayi

Thoko wabwera kuchokera kusukulu kudzachapa. Waona ndege, waseka mpaka kukhala pansi, walankhula zambiri m'Chingerezi, wandijambula nditaima pambali pake ndi burashi. Chithunzicho wachidula bwino: matope sakuoneka, kusowa kwa mchira sikukuoneka. Wachiponya pagulu la foni la abale a kumudzi. Wandiuza atatumiza kale.

Foni siinapume.

Achimwene a ku Ndirande akuti pa Khirisimasi ndidzawatenge, iwo za viza adzaona ali m'mwamba.
Azakhali akufunsa ngati muli malo a matumba a ufa.
Mlamu wanga akufuna ntchito ya ukondakitala.
Msuweni wina amene sitinalankhulane chimwalirire agogo akuti magazi ndi magazi.

Zonsezo ndikanaseka. Koma amayi aimbanso. Mawu awo anali otsika. "Mwana wanga, ndamva. Abusa alengeza pa mapemphero a amayi. Anthu akubwera kudzandigwira chanza." Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ndanena kuti zikomo.

Amayi ndi okalamba. Anagulitsa mandasi pageti pa bwalo la ndege lomwelo kuti ine ndiphunzire. Ndiwauze bwanji kuti ndagula nyumba ya achule?

Madzulo Mayi Linda abweretsa kalata ya komiti. Malamulo akuti pa kapinga saloleza bwato, kalavani yogonamo, kapena galimoto yakufa. Ndawerenga kawiri. Ndege sanaitchule. Ndawauza zimenezo. Akuti komiti ikumana mawa kuti iitchule.

Lachisanu

Ndati lero ndingochotsa mpando, ndiupale, ndione chinthu chimodzi chikuwala. Kuseri kwa mpando ndapeza chitsulo chobulungira, chachitali ngati mkono, chadzimbiri, chili ndi kamutu. Ndachigogoda ndi nyundo kuti ndimve ngati muli kanthu.

A Mwanza achiona, abwerera chafutambuyo mpaka kukagunda lole yawo. "Amai, ikani pansi. Pang'onopang'ono. Iyo ni bomba." Anena mokweza. Mayi Linda anali pakhonde.

Zomwe zafika mumsewu wathu:
apolisi;
ozimitsa moto;
ambulansi;
bambo woona za mabomba, wovala ngati chiboliboli cha matayala;
kagalimoto kopanda munthu, koyenda kokha.

Atitulutsa tonse m'nyumba, msewu wonse, kukaima kuseri kwa chingwe chachikasu. Anthu amene takhala nawo zaka osadziwana maina lero adziwa langa. Agogo ena atuluka ndi mphaka m'manja. Komiti yonse inalipo, ndiye msonkhano wawo achitira pomwepo, ataimirira.

Bambo a Thoko atsika m'galimoto n'kupeza msewu wotseka. Wapolisi wawafunsa ngati akudziwa mwini wa ndegeyo. Ndinali pafupi, ndamva. Aganiza kaye. Kenaka ati, "Ndi akazi anga."

Si bomba. Ndi botolo la mpweya lomwe woyendetsa ankapumira akakwera kwambiri. Lopanda kanthu. Alitenga ndithu. Ndiye chinthu chokhacho chomwe chinali chathunthu pa ndege yanga chapita ndi boma.

Wapolisi wamkulu, pochoka, wapempha kuti ndimujambule ataima pa phiko. Phiko lapindika.

Loweruka

Bambo a Thoko alankhula. Anadikira ndimalize tiyi.

"Mayi a Thoko, zaka zonsezi sindinakukanizeni kanthu. Makina osokera aja sindinakane. Njinga yochitira masewera ija timayanikapo matawulo sindinakane. Koma dzulo ndafunsidwa ndi apolisi pamaso pa mphaka wa eni."

Ndati pepani. Ndati ndimangofuna, kamodzi kokha, kukhala kutsogolo kwa ndege, osati kuseri kwa mpanda. Atuluka. Ndimati akwiya, koma abwera ndi makwerero a m'galaja n'kuwatsamiritsa pa ndege. "Kwerani ndiye. A Mwanza asanafike kudzaisuntha."

Ndakwera. Ndakhala. Malowo anapangira anyamata owonda. Kutsogolo kuli mabowo m'mene munali mawotchi, ndipo kudzera pomwe panali galasi ndikuona bini ya zinyalala ya Mayi Linda. Ndagwira chitsulo chowongolera. Sindibisa, ndalira pang'ono. Ndachitanso phokoso la injini ndi pakamwa, motsitsa.

Kenaka mpando wagulukira pansi, ine ndili pomwepo. Mawondo kumaso, chiuno chakanirira. Bambo a Thoko akoka, ayi. A Mwanza afika, akoka, ayi. Thoko akuti tiitane ozimitsa moto. Ndati amene aimbe foni asadzadyenso pakhomo pano. Anditulutsa ndi mafuta ophikira.

A Walter abwera masana ndi kangolo kawo. Atenga phiko la mdani lija, akuti pali mnzawo wakhala akulifunafuna kuyambira kalekale. Analisisita ngati mwana wodwala. Mutu wa ndege sanaufune. Tauguza kupita kuseri kwa nyumba, kumene komiti siiona, tauphimba ndi lona.

Lamulungu

Kutchalitchi ndayenda chotsimphina. Palibe wajambulitsa. Abusa popempherera odwala anawonjezera "ndi onse amene asenza katundu wolemera," ndipo a Mwanza anati ameni mopitirira muyeso.

Zomwe ndakonza sabata ino: palibe.
Zomwe zawala: chiuno changa.

Kapinga wa kumaso ali ndi chipsera chonga ndege. Bambo a Thoko afesapo mbewu. Lona kuseri kuja ikugwedezeka, ndikuganiza kuti achule abwerera.

Ndaimbira amayi. Ndafotokoza zonse mosadumpha: ilibe injini, ilibe mchira, ilibe phiko, inagwa ine ndisanabadwe ndipo siidzadzukanso. Ndati pepani kuti ndawachititsa manyazi kwa amayi a kumpingo.

Kenaka amayi afunsa.

"Ndiye siuluka?"

"Siuluka, amayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Apuma mpweya wautali. "Yehova ndi wabwino. Chimvereni nkhaniyi sindikudya. Iwe njinga yomwe unkagwa nayo m'ngalande."

Mawa ndikulowa m'mawa kuntchito. Yunifolomu sinasitidwe, ndipo m'nyumba muno mulibe mafuta ophikira.