Ndinasalaza Khosi la Gitala ya Apongozi

Mpaka lero ndikafika ku Manyamula, kwawo kwa mkazi wanga Towera, manja anga satuluka m'thumba. Si kuzizira ayi. Manja amenewa anandichititsa manyazi osachoka ndi sopo.

Ine ndine kalipentala pa Jenda, wa zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo matenda anga ndi amodzi: ndikaona thabwa lokandika, mtima sukhala m'malo. Apongozi anga aamuna ali ndi gitala yamagetsi yofiira imene anabwera nayo kuchokera ku Joni, Towera asanabadwe. Maso awo anafa kalekale, koma zala n'zamoyo. Titakonza zovundukula chiliza cha malemu apongozi aakazi, madalawo anati adzaimba pamanda nyimbo imene anawafunsira nayo mbeta. Anandipatsa gitala kuti ndikaisinthitse mawaya basi. (Mawu akuti "basi" ndinawamva bwinobwino, ndisaname.)

Nditafika nayo kushedi ndinaitembenuza. Kumbuyo kwa khosi lake, kumene kumayenda chala chachikulu, utoto unali utasuluka, ndipo panali timabala titatu ngati pajegweda khoswe. Ndinati ayi, mkamwini kalipentala alipo, gitala n'kumaoneka ngati mpini wa khasu?

Ndinayamba ndi kansalu konyowa, koma palibe chinasintha. Ndinatenga sandipepa kuti ndingopukuta pang'ono, ndiye panatuluka chigamba choyera mbee. Kuti chigambacho chisaoneke, ndinapala khosi lonse. (Kufunsa? Ndifunse ndani, ine mmisiri?) Timabala tija tinakanirira, choncho ndinatimata ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupaka vanishi wa mabokosi. Unali mwezi wa Juni, chisanu cha ku Mzimba chija, vanishi osauma. Ndinaiyandikiza pambaula, khosi lonse n'kutuluka matuza. Ndinapalanso, n'kupakanso. Pofika Lachisanu linali see, lonyezimira, ndipo ndinaimangirira panjinga mapewa ali m'mwamba.

Loweruka tinasonkhana kumanda, sipika italumikizidwa kubatire ya galimoto. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pachiliza, ine ndinagwada n'kupereka gitala ndi manja awiri. Chala chachikulu cha apongozi chinakwera khosi, chinatsika, chinakweranso. Anakhwatcha kamodzi, mawu n'kutuluka ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Kachiwiri, chimodzimodzi.

"A mkweni," anatero osatembenuka, "gitala iyi ndi yanga?"

Ndinayankha monyadira kuti ndi yomweyo, ndangoichotsa zipsera zija.

"Zipsera zija ndiwo anali maso anga. Amene anazidula ndi anyina Towera, ndi kampeni kawo kosendera chinangwa, nditayamba kuona mdima. Amati ndisamasochere."

Nyimbo ija sinaimbidwe. Amayi a kutchalitchi anayambitsa ya m'buku kuti atichotse manyazi. Towera analira kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti samalira amayi ake okha. Ine ndinalakalaka limodzi mwa mabokosi anga aja litakhala pafupi, ndilowemo ndekha, wina akhomere.

M'mawa mwake ndinapita ndi tchizulo. Ndinakhala pansi, ndinapepesa, ndinawapempha andiloze pamene panali timabala kuti ndidulenso. Anafufuza dzanja langa, analigwira, n'kulibweza pang'onopang'ono.

"Lekani, ndapota. Malo mukhoza kuwapeza, koma dzanja likhala lanu. Mwasalaza chomene, yewo."

Bola akanandikalipira kapena kundilipiritsa mbuzi. "Yewo" ameneyo, zikomo wa Chitumbuka, amandipweteka mpaka pano.

Gitala ili pamwamba pa kabati yawo, yonyezimira kuposa chilichonse m'nyumbamo, ndipo sinalirenso. Mwezi watha ndinaona kuti ndodo yawo yoyendera ili ndi timabala pogwirira. Zala zinayamba kundiyabwa, manja n'kutuluka okha m'thumba. Towera anangondiyang'ana kamodzi. Manjawo ndinawakhalira.