Munthu Amene Anamaliza Mankhwala a Mano pa Tsangano

Pa Tsangano panalibe munthu wogula mankhwala otsukira mano kuposa a Gracian Ngozo, koma mano awo mukanawawerenga ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala. Mankhwalawo sankafika mkamwa ayi. Onse ankathera pa galasi lapulasitiki, lomwe mkuluyu ankalipukuta mpaka kuwala mbee.

Luso limeneli analitola ku Joni, komwe ankapanga zikwangwani. Anzawo anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, iwo anabwerako ndi chiboolero chopukusa pamanja, komanso chikhulupiriro chakuti chinthu chilichonse chizioneka mkati. Anayamba ndi chisa cha nkhuku choonekera mbali zonse. Msoti unangochiyang'ana, n'kukaikira mazira kutchire.

"Nkhuku nayonso ili ndi manyazi, abambo ake Tawina," anatero akazi awo, mayi Janeti.

Mlendo akagona pakhomopo, m'mawa ankapeza chubu chake cha mankhwala chitaphweratu. Mayi Janeti chawo ankachibisa mu mtsuko wa nyemba.

Amene anaona zakuda ndi mwana wawo Tawina, yemwe ankadyera kompyuta yake yopangira makadi a ukwati pamsika. Tsiku lina inazima. A Gracian atatsegula, munatuluka mphemvu, mtundu wonse, ndi azakhali omwe.

"Mphemvu zimakonda mdima," anatero mkuluyu. "Tiimangire nyumba yoonekera, tione ngati zibwerenso."

"Ababa, ingoipukutani muitseke."

Koma bokosi lakale anali ataliponya kale kudzala. Matumbo onse a kompyuta anawayala pa lichero n'kuvundikira chitenje. Tawina akayang'ana licherolo, mtima unkamuwawa, poti a Obed a pagolosale anali kudikira makadi a ukwati wa mwana wawo, ndipo Tsangano yense ankatchera khutu. Akanawakhumudwitsa, palibe akanabweranso.

Ntchito inayamba, koma liwiro lake la nyerere yodwala. Kudula, kusalaza m'mphepete ndi sanipepa wonyowa, kupukuta, kenako kuima patali n'kumasirira. Galasilo limabwera lomatidwa pepala lofiirira loteteza kuti lisakandike, ndipo a Gracian analumbira kuti sadzalimatula ntchito isanathe. Choncho nyumba yotchukayo inkangooneka ngati katoni ya sopo, anthu n'kumaseka.

Nanga poboola? Thabwa pansi, madzi kudontheza pabowo kuti lisatenthe, pakhomo ponse zii. "Galasi lili ngati apongozi," ankatero, "umalifika pang'onopang'ono." Tsiku lina a Obed anafika ndi "Odi!" wa mawu awo a m'kwaya. A Gracian anadzidzimuka, galasi n'kung'aluka.

"Mwandiphera galasi, a Obed."

"Ine ndangoodira. Makadi aja ali pati? Ukwati wayandikira."

"Ukwati suthawa."

"Koma mkwati amathawa."

Kuyambira tsikulo, kuodira kunaletsedwa pakhomopo. Alendo ankangoima pamphepo, kudikira kuti wina awaone.

Nyengo yozizira itafika, chifuwa chinawagwira a Gracian, ndipo anapita mwakachetechete, momwe ankafunira kuti anthu azifikira. Anasiya zonse zitamangidwa, kupatula bowo limodzi la batani loyatsira. Galasi lina lopatula panalibe.

Maliro atatha, Tawina anakhala pansi ndi chiboolero chija, mantha ali tho. Galasi likang'aluka, ntchito yake yatha, ndipo chomaliza cha manja a bambo ake chapita nayo limodzi. Anaika thabwa pansi. Mayi ake anagwira kapu, n'kumadontheza madzi. Chapakati, Tawina anaona mthunzi pakhomo. Anali a Obed, chipewa m'manja, pakamwa atatseka ndi chikhatho kuopa kuti odi angawapulumuke.

Tawina anapukusa, napukusa. Kenako chiboolero chinalowa m'thabwa mofewa. Galasi linali lamoyo.

Onse mitima inakhala pansi. Tawina analumikiza batani, n'kuyamba kumatula pepala lija. Apa ndiye kuseka kwa Tsangano kunathera. Katoni ija inasanduka chinthu choyera ngati madzi a pakasupe, moti a Obed anatambasula chala kuti atsimikize kuti khoma lilipo. Atadina batani, fani inazungulira aliyense akuiona. Tawina anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Makadi anatuluka, mkwati sanathawe, ndipo mphemvu sinapondemonso.

Masiku ano Tsangano akupuma. Alendo amagona osakumbatira zikwama, odi anabwerera, nkhuku zikuikira mwaulemu. A Obed okha ndi amene amadandaula kuti mankhwala a mano akuchita fumbi pashelefu. Komabe pakhomo pa a Ngozo pamamveka kuzizira kwina, kosachokera kumapiri.

Posachedwapa Tawina anadabwa kuti chubu cha m'nyumba chayambanso kuphwa msanga. Loweruka lina anapeza mayi ake atagwada pa kompyuta ija, kansalu m'manja, akupukuta pomwe panakandika pang'ono.

"Amayi, si inu munkabisa mankhwalawa mu nyemba?"

Mayi Janeti sanatembenuke. Anafinyanso chubu.

"Ndinkabisira iwowo," anatero. "Tsopano ndibisira ndani?"