A Chikadza ndi Makomo Awiri a ku Boma

Mwambi uwu, ana inu, udayamba motere. Pa boma lina padali a Chikadza, mmisiri wokhoma zidebe, munthu wosafuna kuti kanthu kaulere kamudutse. Mwana wawo woyamba, Yotamu, adali atalowa usilikali kalekale, ndevu zili pepeya. Pakhomo padatsala tiana tiwiri ta sukulu.

Chaka china ku ofesi adalengeza zinthu ziwiri. Pa khomo loyamba, wolera ana ankamutsitsira msonkho pa mwana aliyense. Pa khomo lachiwiri, kholo la msilikali linkalandira bulangeti.

"Bambo a Yotamu, mukalembetse awiriwa basi," adatero akazi awo, Nagama, amene adali atatopa nazo nzeru za amuna awo. "Msonkho ukapanda kutsika, shopu yathu ya zidebe ija atitsekera."

"Inu za m'maofesi mumazidziwira kuti?" adayankha a Chikadza. Nagama adatenga ambulera nawatsatira, mtima uli m'mwamba.

Pa khomo loyamba adapeza kalaliki wa magalasi.

"Ana atatu, bwana," adatero a Chikadza. "Wovuta ndi Yotamu. Amadya m'manja mwanga, ngakhale kabudula ndimamugulira ine."

Nagama adangoyang'ana pansi ndi manyazi. Kalaliki adalemba.

Mvula itayamba kuwaza, a Chikadza adathamangira khomo lachiwiri. Tsoka ilo, kalaliki wa kumeneko adali atapita kumaliro, ndipo amene adadzakhala pampando wake ndi wa magalasi yemwe uja. Nagama adawakoka malaya, adatsokomola, adawaponda phazi. Ayi ndithu, munthu maso ali pa mabulangeti! A Chikadza adatulutsa chithunzi n'kuchiponya patebulo.

"Uyu ndi Yotamu wanga, sajeni! Amalamula amuna makumi atatu. Malata a nyumba yanga adagula ndi iyeyu!"

Kalaliki adavula magalasi. "Yotamu wa kabudula uja? Wakula msanga bwanji, bambo?"

Pomwepo adang'amba mapepala onse awiri. Bulangeti lidapita, ndipo tiana tiwiri tija, tosalakwa, tidafufutidwa limodzi ndi mkulu wawo. Msonkho udabwerera wathunthu. Mlonda adawatulutsa natseka makomo onse, kunja mvula ili pwata pwata.

Nagama adatambasula ambulera yake, nayamba ulendo yekha.

"Mayi a Yotamu, tandifunditseniko, ndanyowa!"

Mayi uja sadacheuke n'komwe. Adangoti, "Nyowani, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."