Masamba khumi pa tsiku

Lolemba
Tadala wandipatsa kafukufuku wake wa ku yunivesite kuti ndiwerenge asanakapereke sabata yamawa. Masamba 70! Nkhani yake ndi yoti boma la kuno likhoza kumulanda munthu unzika likamuganizira zauchigawenga. Mwana amene ankalira ndikamamuluka tsitsi, lero akulemba zimenezi? Pulani: masamba khumi pa tsiku. Ndagula:
magalasi atsopano
cholembera chachikasu
mabisiketi

Lachiwiri
Mu tiramu, kasitima ka m'tauni, kupita ku ntchito ku Wolverhampton. Bukulo lili pamiyendo, mutu wake poyera kuti anthu aone. Chiganizo choyamba, mizere isanu osapumira! Chizungu chokoma zedi, kungoti sindikutolapo kanthu. Ndikudzidzimuka titapitirira kale potsikira panga.

Lachitatu
Tsamba 3. Ndikupaka chikasu mawu onse ovuta, tsamba lonse lasanduka dzira lokazinga. Mabisiketi atha.

Lachinayi
Ndadzitama kwa a Nabanda pa shifiti kuti mwana wanga ndi katswiri pa zolanda anthu mapasipoti. Pakamwa pangapa! Foni sikupuma. A Phiri a ku Tipton akuti, “Mukawauze a Tadala, ife ma papers athu ali bhobho.”

Lachisanu
Tsamba 4, ndipo lero ndamvako. Amene amalandidwa kawirikawiri ndi yemwe ali ndi dziko lachiwiri, poti ali nako kwina kopita. Chaka chathunthu ndakhala ndikumuvutitsa Tadala kuti atenge pasipoti ya Malawi, mafomu ali pa filiji. Ndawachotsa, ndawabisa pansi pa matilesi. Ndikuchita mantha, ndisaname.

Loweruka
Sindikuwerenga. Ndikungomuyang'ana akumwa tiyi atavala masokosi osiyana. Mutu umenewu ndinabereka ndine?

Lamulungu
Ndaulula kuti ndathera pa tsamba 4. Akuseka mpaka misozi. Kenako akufunsa za mafomu aja, ndaululanso. Kuseka kwatha. “Mum, that's my whole argument,” akutero. Akuti munthu asamaope kukhala ndi kwawo kuwiri, ndipo zonsezo wazilemba pa tsamba 68, kumene ine sindidzafikako.

Ndatukula matilesi. Akudzaza mafomu mothamanga ngati loya weniweni. Pofika pa mudzi ndi mfumu yaikulu, cholembera chaima, akundiyang'ana.

Ndavala magalasi anga atsopano. Apa pokha katswiri ndine.