Mamendulo a Timu Yolakwika

Mwa ntchito zonse zimene ndinagwirapo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, imodzi yokha ndi imene palibe anandikakamiza, ndipo ndi yomweyo imene inandivula ulemu pagulu.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ine ndikusunga zipangizo kufakitale. Tinali ndi kamakina kamagetsi konga cholembera, kolembera manambala pamasipanala kuti asamasowe. Ukakayatsa kankalira ngati mavu, dzanja n'kumanjenjemera mpaka m'chigongono.

Chaka chilichonse nyengo yachisanu, masamba a tiyi akachepa, kunkakhala mpikisano wa mpira. Ha, masiku amenewo! Galaundi itazunguliridwa ndi mabulugamu, amayi akugulitsa nthochi ndi zitumbuwa, nkhungu ikutsika pang'onopang'ono m'minda yobiriwira. Chaka chimenecho manijala watsopano, a Mhango ochokera ku Rumphi, anabwera ndi mamendulo kuchokera ku Limbe, onyezimira koma osalembedwa kanthu.

"Alipo angalembe pachitsulo?" anafunsa.

"Bwana, musavutike," ndinatero ine. "Kusukulu ndinkalembera aphunzitsi pabolodi."

(Zinali zoona. Koma choko sichinjenjemera.)

Ndinayamba kuyeserera pachitini cha penti, zilembo n'kutuluka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Patapita masiku dzanja linazolowera, mtima n'kukula. A Mhango anali atanena kuti ndilembe "AKATSWIRI" basi. Ine ndinaona kuti n'zosakwanira: mendulo yopanda dzina la timu ndi mendulo yanji? Vuto linali loti fainolo inali isanaseweredwe.

Koma vuto lake liti? Timu yathu ya fakitale, ya majezi ndi nsapato, inali isanagonjepo. Yokumana nayo inali ya othyola tiyi a kumunda wa chakufupi ndi Masambanjati, osewera opanda nsapato, ena a imvi kale. Ndiye ndinakhala pansi, lilime lili panja, n'kulemba "FAKITALE" pamendulo iliyonse, zilembo zikuluzikulu mpaka mawu a bwana aja kuwaiwala. Ndinawapukuta bwino, n'kutseka bokosi osauza munthu. Ndinkafuna anthu adabwe.

Anadabwadi.

Anthu oyenda m'mapiri tsiku lonse atabereka dengu satopa, abale. Chigawo chachiwiri anyamata athu anali wefuwefu, azibambo aja akungothamanga. Kaputeni wawo, a Khoviwa, Mlomwe wamfupi wa miyendo ngati mitsi, anagoletsa ndi mutu. Galaundi yonse inagwedezeka. Ine ndinayamba kuwerengera njira yachidule yopita ku Makwasa, kuti mwina kuchipatala angandigoneke.

Mpira unatha. Mayi Mhango, atavala chitenje chatsopano, anatsegula bokosi n'kuyamba kuveka opambanawo. A Khoviwa anatembenuza mendulo yawo, n'kuiwerenga mosafulumira, milomo ikuyenda. Kenaka anavula chipewa mwaulemu.

"Bwana, tathokoza kwambiri. Ndiye kufakitaleko tiyambe Lolemba?"

"Mukuti chiyani, a Khoviwa?"

"Zalembedwa apa, bwana. Tonsefe mwatikweza ntchito."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amayi anayambitsa nyimbo pomwepo, dzina langa lili m'kati. A Mhango sanakalipe. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundikodola ndi chala chimodzi.

"Ndifufuta, bwana," ndinanong'ona. "Ndipala ndi tupa."

"Ayi, achimwene, musafufute," anatero a Khoviwa. "Dzanja lanu ndi labwino. Pamwambapa patsala kampata. Mungowonjezerapo mawu amodzi."

"Mawu anji?"

"TINAKWAPULA."

A Mhango anaseka koyamba chibwerereni, n'kuvomera. Motero Lolemba m'mawa ine, wochemerera wamkulu wa timu ya fakitale, ndinakhala pabenchi ndikulemba ndi dzanja langa kuti tinakwapulidwa, mendulo ndi mendulo, eni ake ataima pamzere kuyang'anira kuti ndisalakwitse chilembo. Anzanga a kufakitale anandisala pa tiyi wa m'mawa mpaka mvula inagwa.

Lero galaundi ija anabzalapo mitengo, ndipo ambiri mwa azibambo aja anatisiya. Ndikanapatsidwa mwayi, ndikanalola kusekedwanso, bola ndimve phokoso lija kamodzinso.

Ndinaphunzira kuti chitsulo chilibe labala. Kulosera zigoli mpira usanayambe kokha sindinasiye, koma masiku ano ndimalosera ndi pakamwa, poti malovu amauma.